Lamulo la Sullivan ndi Eni Mfuti a ku Amereka

Ana a sukulu a masiku ano amamva zambiri pa wailesi ndi pa mafoni a makolo ao, ndipo mphunzitsi wa Mbiri sacedwa kufunsidwa funso lobvuta ili: kodi cifukwa ninji dziko la Amereka, lolemera ndiponso la anthu ophunzira, lilephera kuletsa mfuti zimene zipha ana m'sukulu zace? Funsoli si lacibwana ai. M'caka ca 2021 cokha anthu 48,830 anafa ndi mfuti m'dzikomo, ndipo oposa theka la iwo anacita kudzipha okha. Mphunzitsi akayankha kuti Aamereka alibe malamulo a mfuti, wanamiza ana ace, pakuti malamulo ali nao ambirimbiri, ndipo ena a iwo ngakale ndithu. Cosowa ndico kumvana pa malamulowo. Mbiri ya lamulo limodzi la ku New York, limene ena analiteteza ndipo ena analimenya kwa zaka 111, iwonetsa bwino pamene pagona mkanganowu.

Coyamba mwana ayenera kumva mmene dzikolo liweruzidwira. M'Zambia lamulo la mfuti ndi limodzi kuyambira ku Chipata kufikira ku Mongu. Ku Amereka si tero. Dzikolo ndi cigwirizano ca zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi Bwanamkubwa wace wosankhidwa ndi anthu, Nyumba ya Malamulo yace, mabwalo a milandu ace ndi apolisi ace. Boma la ku Washington liyang'anira malonda odutsa malire a zigawo, koma nkhani ya amene aloledwa kusunga mfuti kapena kuyenda nayo m'mseu imakambidwa makamaka m'cigawo. Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko, amene m'caka ca 1791 anaonjezedwa ndime khumi zochinjiriza ufulu wa anthu. Ndime yaciwiri inena zinthu ziwiri m'mpweya umodzi: kuti dziko laufulu lisowa gulu la nzika zolongosoledwa bwino pa nkhondo, ndi kuti ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Kodi ufuluwo ngwa gulu la nkhondolo, kapena ngwa munthu ali yense payekha? Olemba ndimeyo anamwalira kalekale, ndipo zidzukulu zao zatsala ziri kukangana.

M'caka ca 1910 mzinda wa New York unali ndi anthu oposa mamiliyoni 4, ambiri a iwo alendo ocokera ku Italy, ku Ireland ndi ku Russia, opanikizana m'nyumba zosanja za amphawi. Mfuti za m'thumba zinali zochipa, ndipo zinali kugulitsidwa m'masitolo a pinyolo popanda wofunsa dzina la wogula. Pa 9 August 1910 Meya wa mzindawo, William Gaynor, anakwera sitima ya pamadzi pa doko la Hoboken kuti akapumule ku Ulaya. Munthu wina amene anali atacotsedwa nchito ya pa doko anamyandikira namuombera pakhosi. Gaynor sanafe, koma cipolopoloco cinakhala m'khosi mwace kufikira imfa yace mu 1913.

Isanathe miyezi isanu ndi umodzi, pa 23 January 1911, mlembi wa mabuku wochuka, David Graham Phillips, anaomberedwa usana pafupi ndi Gramercy Park, dera la anthu olemera. Womuombera anali woyimba zeze wa Cizungu amene anadzinyenga kuti buku lina la Phillips linanyoza banja lace. Atatha kuombera anadzipha pomwepo, ndipo Phillips anamwalira m'mawa mwace. Mitembo yonse iwiri inalembedwa m'mabuku a ofesi yofufuza za imfa, mmene munali kalaliki wina dzina lace George Petit le Brun. Munthuyu anali atalemba maina a ophedwa ndi mfuti kwa zaka zambiri, ndipo anatopa nako. Analembera makalata akuluakulu a mzindawo kuwapempha kuti aumirize lamulo, ndipo anapita kwa phungu amene anali ndi mphamvu yolipititsa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Albany, likulu la cigawoco.

Phunguyo anali Timothy Sullivan, amene anthu anamucha Big Tim, munthu wobvuta kumuyesa pa muyeso umodzi. Anakulira m'umphawi, napukuta nsapato ndi kugulitsa manyuzipepala m'miseu ali mwana, ndipo atakula anakhala mmodzi wa mafumu a Tammany Hall, gulu la ndale limene linagwira mzindawo m'dzanja lace. Caka ndi caka anali kugawira amphawi nsapato m'nyengo ya cisanu ndi kuwadyetsa pa Khrisimasi. Anathandiza akazi pofuna ufulu woponya voti, nathandizanso lamulo locepetsa maola a nchito ya akazi m'mafakitale. Koma munthu yemweyo anali kudya ndalama za nyumba za juga, ndipo anyamata a magulu acifwamba anali kumgwirira nchito pa tsiku la masankho. Cifukwa cace olemba mbiri sagwirizana pa mtima umene anacitira lamuloli. Ena ati anamva cisoni ceniceni ndi ana a m'dera lace amene anali kuphana. Ena ati anafuna cingwe comangira magulu opikisana ndi anyamata ace. Kapena zonse ziwiri zinalimo, pakuti mtima wa munthu suli ndi cipinda cimodzi.

Lamulolo linapita mosabvuta, otsutsa anali owerengeka, ndipo Bwanamkubwa John Dix analisaina mu May 1911, liyambe nchito pa 1 September. Linanena kuti munthu wofuna kukhala ndi mfuti yaing'ono yotheka kubisika m'zobvala ayambe watenga ciphaso, ngakhale mfutiyo ikhale ya m'nyumba mwace momwe. Kusunga mfuti yotere wopanda ciphaso kunali mlandu waung'ono, koma kuyenda nayo kunali mlandu waukulu wa ndende. Ogulitsa analamulidwa kusunga buku la maina a ogula. Malamulo oletsa kubisa zida m'zobvala analipo kale m'zigawo zambiri. Cacilendo cinali ici cakuti Boma liyambe lalola munthu asanagule, ndiponso kuti lifike mpaka m'kati mwa nyumba.

Woyamba kumangidwa ndi lamuloli anali wanchito wa Citaliyana, amene ananena kuti ananyamula mfutiyo poopa acifwamba. Anapatsidwa caka cimodzi m'ndende ya Sing Sing, ndipo woweruza, pomuuza cilango cace, ananyoza mtundu wonse wa Ataliyana kuti kuyenda ndi zida ndi khalidwe lao. Ciyambi cimeneci cinali coipa, ndipo adani a lamuloli sanaciiwale. M'mzindamo munabuka nkhani yakuti atsogoleri ena a acifwamba anali kusoketsa matumba a majekete ao kuti wapolisi asaponyemo mfuti ndi kuwanamizira mlandu. Sullivan mwini sanakhalitse. Anadwala misala, ndipo mu 1913 anathawa amene anali kumsunga, nagundidwa ndi sitima ya pamtunda. Mtembo wace unagona m'nyumba ya cisoni pafupifupi masabata awiri osadziwika mwini, kufikira wapolisi wina anauzindikira nkhope utatsala pang'ono kukaikidwa ku manda a amphawi. Ku maliro ace kunasonkhana anthu zikwizikwi.

Caka comweco ca 1913 aphungu anaonjeza mau awiri amene anadzakhala muzu wa mlandu patapita zaka zoposa 100. Ananena kuti ciphaso coyenda ndi mfuti cipatsidwe kwa munthu amene waonetsa cifukwa coyenera. Cifukwa coyenera nciani? Lamulo silinamasulire, linasiyira wopatsa ciphaso, amene m'mzinda wa New York anadzakhala mkulu wa apolisi, ndipo m'maboma ambiri a kumidzi ndi woweruza. Pambuyo pace mabwalo anamasulira kuti wopempha aonetse ngozi yace yapadera, yosiyana ndi ya anthu onse. Kungokhala m'dera la acifwamba si cifukwa cokwanira. Mphunzitsi amene anaimapo pa windo la ofesi kupempha cinthu cimene kalaliki ali ndi mphamvu yopatsa kapena yomana adzamva msanga ubwino ndi kuipa kwa makonzedwe otere. Wopatsa akakhala wanzeru, amakaniza munthu waukali amene mapepala ace ali bwino koma mudzi wonse umdziwa. Akakhala wokondera, amapatsa abwenzi ace ndi olemera okha.

Tsono eni mfuti anali kuti? Bungwe lao lalikulu, National Rifle Association, kapena NRA mwacidule, linabadwira m'New York momwemo m'caka ca 1871. Oliyambitsa, William Church ndi George Wingate, anamenya nao nkhondo ya paciweniweni ya 1861 mpaka 1865, ndipo anacita manyazi poona kuti asilikali a Kumpoto sanali kudziwa kulasa. Colinga cao cinali kuphunzitsa anyamata kuombera molunjika. Boma la cigawo ca New York linawapatsa madola 25,000 kuti agule malo ophunzirirapo ku Creedmoor pa cisumbu ca Long Island. Motero bungwe limene linadzakhala mdani wamkulu wa malamulo a ku Albany linaleredwa ndi ndalama za ku Albany. Pa zaka 50 zoyamba nchito yace inali ya mipikisano ya kulasa ndi maphunziro a alenje, ndipo ndale linazikhudza pang'ono cabe.

Lamulo la Sullivan ndilo linadzutsa eni mfuti. Poona kuti zigawo zina zifuna kulitsanzira, m'zaka za m'ma 1920 iwo sanangokana, koma anakonza lamulo laolao lacitsanzo nalipereka ku Nyumba za Malamulo za zigawo. Lamulo laolo linafuna ciphaso kwa woyenda ndi mfuti yobisa, linalamula kuti wogula adikire masiku awiri asanalandire mfuti yace, ndipo linaonjeza cilango kwa wocimwa ali ndi mfuti. Koma mfuti ya m'nyumba linaisiya yopanda ciphaso. Mmodzi wa olikonza anali Karl Frederick, loya wa ku New York amene anapambana mamendulo atatu a golide pa kulasa ku masewera a Olympic ku Antwerp mu 1920. Zigawo zingapo zinalilandira. Aphungu a ku Albany naonso analibvomera kuti lilowe m'malo mwa la Sullivan, koma mu 1932 Bwanamkubwa Franklin Roosevelt anakana kulisaina, ndipo la Sullivan linapulumuka.

Roosevelt atakhala Pulezidenti, boma lace linafuna mu 1934 lamulo la dziko lonse lokhudza mfuti za ciwaya ndi za m'thumba zomwe. Frederick, amene tsopano anali mtsogoleri wa NRA, anauza aphungu a ku Washington kuti iye sakhulupirira zakuti anthu aziyenda ndi mfuti cisawawa, ndi kuti kunyamula mfuti kuyenera kukhala kwa ciphaso. Mau amenewa ambiri a m'bungwelo lero angawakane. Koma pa nthawi yomweyo bungwelo linatumiza uthenga kwa mamembala ace kuti alembere aphungu ao, ndipo makalata anagwa ngati matalala. Lamulo linatuluka liri ndi msonkho wa madola 200 pa mfuti za ciwaya ndi mfuti zazitali zodulidwa mpope, koma mfuti za m'thumba zinacotsedwamo. Apa eni mfuti anaphunzira kuti phungu aopa kwambiri makalata a anthu a kwao kuposa nkhani za m'nyuzipepala.

Mbiriyi ili ndi mbali imene mphunzitsi wa mu Afrika sangaidumphe. M'zigawo za Kumwera, mphamvu ya mkulu wa apolisi yopatsa kapena kumana ciphaso inali cida ca tsankho. Pa 30 January 1956 nyumba ya Mbusa Martin Luther King ku Montgomery, m'cigawo ca Alabama, inaponyeredwa bomba mkazi wace ndi khanda lao ali m'kati. King anapempha ciphaso ca mfuti, nakanizidwa. Ngati munthu ameneyo analibe cifukwa coyenera, anali naco ndani? Pambuyo pace iye anasiya maganizo a mfuti nagwiritsa njira yosabwezera, koma amene anamkaniza sanamkanize cifukwa ca cikondi ca mtendere. Ku California nako, anyamata akuda a gulu la Black Panther anali kulondola apolisi m'miseu ya Oakland atanyamula mfuti poyera, pakuti lamulo la kumeneko linali kulola. Phungu wina, Don Mulford, anabweretsa lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti yoikamo zipolopolo, ndipo pa 2 May 1967 a gululo okwana ngati 30 anapita ku Nyumba ya Malamulo ku Sacramento mfuti ziri m'manja kudzatsutsa. Kumeneko kunali kudzikumbira dzenje. Aphungu anacita mantha, lamulo linafulumira, ndipo Bwanamkubwa Ronald Reagan analisaina mu July. Reagan yemweyo anadzakhala bwenzi lalikulu la eni mfuti atakhala Pulezidenti.

Zaka zimenezo zinali za maliro. Pulezidenti John Kennedy anaphedwa mu 1963 ndi mfuti yakale ya asilikali a ku Italy, imene wakuphayo anaiitanitsa pa positi ataona cilengezo m'magazini ya NRA yomwe. Mu 1968 anaphedwa King, ndipo patangopita miyezi iwiri anaphedwa Robert Kennedy. Mu October caka cimeneco Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo loletsa kugulitsa mfuti pa positi kudutsa malire a zigawo, ndi loletsa kugulitsa kwa anthu amene anapezekapo ndi milandu yaikulu. Akuluakulu a NRA anadandaula ndi mbali zina, koma ananena kuti alenje angathe kukhala nalo. Mamembala ambiri sanagwirizane nao. Umbanda unali kukula m'mizinda, ndipo anthu ambiri anali kugula mfuti poopa mbala, osati pofuna nyama.

Mkwiyo umenewu unaphulika pa msonkhano wa pacaka wa bungwelo ku Cincinnati pa 21 May 1977. Atsogoleri akale anali atakonza zosamutsa likulu lao kucoka ku Washington kupita ku Colorado Springs, kuti acoke m'ndale nabwerere ku za uzimba ndi za kutchire. Gulu la osakondwa linabwera litapangana kale, litabvala zipewa zofiirira za alenje kuti lizindikirane m'holo. Anagwiritsa nchito malamulo a msonkhano omwewo, nasintha ndime imodzi imodzi usiku wonse, ndipo pofika mbandakuca atsogoleri akale anali atacotsedwa. Mpando anaupatsa Harlon Carter, amene kale anali mkulu wa asilikali olonda malire a dziko, munthu wokhulupirira kuti kulola lamulo laling'ono lero ndiko kuitana lalikulu mawa. Kuyambira usiku umenewo bungwe la olasa linasanduka bungwe la ndale.

Njira yao njoyenera kuiyang'anitsitsa, pakuti sigona pa ndalama zokha monga ambiri aganizira. Bungwelo limapatsa malikisi munthu ali yense wofuna mpando, kuyambira A kufikira F, monga acitira mphunzitsi pa mayeso, poyang'ana mmene anaponyera voti pa nkhani za mfuti. Malikisiwo amafika kwa mamembala masankho asanacitike. Anthu ofuna malamulo okhwima angakhale ambiri, koma poponya voti aganiziranso za nchito, misonkho ndi zipatala. Mwini mfuti wolimbika amaponya voti pa nkhani imodzi yokha, amafika ku msonkhano wa komiti ngakhale kugwe cisanu, ndipo saiwala. Phungu amawerengera anthu otere kawiri. Ndiponso bungwelo linaona kuti nkhondo yeniyeni iri m'zigawo, kumene aphungu sadziwika kwambiri ndipo mavoti ocepa atha kugwetsa munthu. Mu 1987 cigawo ca Florida, mwa khama la mai wina wa bungwelo, Marion Hammer, cinakhazikitsa lamulo lakuti ali yense wopanda mlandu amene wakwanitsa zofunika apatsidwe ciphaso, wopatsa asakhalenso ndi mphamvu yofunsa cifukwa. Zigawo zina zinatsatira cimodzi cimodzi, kotero kuti pofika 2022 zigawo 43 zinali pa njira imeneyi, ndipo New York inatsala ndi anzace owerengeka.

Ku mabwalo nako zinthu zinatembenuka. Mu 2008 Bwalo Lalikulu la dziko linaweruza mlandu wa Dick Heller, mlonda wa ku Washington amene anali kunyamula mfuti pa nchito koma analetsedwa kusunga yace kunyumba. Oweruza asanu pa asanu ndi anai anagamula kuti ndime ya 1791 ija ipatsa ufulu munthu payekha. Mu 2010 anagamulanso kuti ufuluwo umanga zigawo ndi mizinda yomwe, pa mlandu wa Otis McDonald, nkhalamba yakuda ya ku Chicago imene mbala zinaithyolera nyumba kangapo.

Pa 14 December 2012 mnyamata wina analowa ndi mfuti m'sukulu ya ana aang'ono ya Sandy Hook m'cigawo ca Connecticut, napha ana 20 a zaka 6 ndi 7, ndi akulu 6 ogwira nchito pa sukulupo. Mphunzitsi wamkulu anafa ali kuthamangira kumene kunali kulira mfuti, ndipo aphunzitsi ena anafa pamodzi ndi ana a m'kalasi mwao. Patapita sabata mkulu wa NRA, Wayne LaPierre, anayankha kuti mankhwala ace ndiwo kuika mlonda wa mfuti pa sukulu iri yonse. Boma la ku Washington linalephera kupititsa lamulo lina liri lonse. Koma ku Albany, Bwanamkubwa Andrew Cuomo anapititsa lamulo lochedwa SAFE Act pa 15 January 2013, mwezi umodzi cabe cicitikire maliro aja. Linakhwimitsa za mfuti zofanana ndi za nkhondo, linalamula kufufuza mbiri ya wogula ngakhale pogulana anthu wamba, ndipo linati mfuti isaikidwe zipolopolo zoposa 7. Liwiro limenelo linali ndi mtengo wace. Aphungu analandira mapepala ndi kuponya voti osapatsidwa masiku atatu owerengera monga mwa nthawi zonse, ndipo anthu a kumidzi ya kumpoto kwa cigawoco, alimi ndi osaka agwape, anamva kuti a mumzinda awaweruza osawafunsa. Anasonkhana ku Albany zikwi zambiri, makhonsolo a maboma ambiri a kumidzi analemba zotsutsa, ndipo ndime ya zipolopolo 7 inagwetsedwa ndi bwalo caka cisanathe. Mbali zina zonse zazikulu zinaima. Maliro omwewo anabala mabungwe atsopano a mbali inayo, monga Moms Demand Action, gulu la amai limene linayamba kudzaza mipando ya m'makomiti imene kale munali eni mfuti okha.

Kodi malamulo a New York anapulumutsa miyoyo? Ciwerengero cinena mokomera iwo. Mu 2021, pa anthu 100,000 ali onse, ku New York anafa ndi mfuti 5.4, pamene ku Mississippi, kumene malamulo ngofewa, anafa 33.9. Kusiyanaku sikucokera ku malamulo okha, pakuti umphawi ndi kucuruka kwa mfuti m'nyumba zirinso ndi gawo lace, koma nkwakukulu koti munthu woona mtima sangakunyalanyaze. Ndiponso ofesi ya loya wamkulu wa cigawoco inapeza mu 2016 kuti pafupifupi mfuti zitatu pa zinai zogwidwa pa milandu zinagulidwa kunja kwa New York, zambiri m'zigawo za Kumwera, nizibwera pa galimoto. Izi zisonyeza kuti mpanda unali kugwira nchito, ndiponso kuti mpanda wa munda umodzi sukwanira pamene oyandikana nao sanamange.

Koma mbali inayo iri ndi umboni wacenso. Mu 2016 apolisi ena a ofesi ya ziphaso mumzinda wa New York anagwidwa ali kulandira ziphuphu kuti apatse ziphaso anthu osayenera. Kungopereka pempho kunali kulira madola 340, ndalama zimene wosauka sangazitaye pa cinthu cimene adziwa kuti adzakanizidwa. Ndipo mu 2021 maloya oimira amphawi m'mabwalo a mzindawo, anthu amene sanali abwenzi a NRA konse, analembera Bwalo Lalikulu kuti pafupifupi onse amene iwo amawaimira pa milandu ya mfuti yopanda ciphaso ndi akuda ndi a mtundu wa Cispanya, ndi kuti ambiri sanaombere munthu, koma anataya nchito, nyumba ndi ana cifukwa ca ndende. Walira mvula walira matope: mphamvu imene inaletsa mfuti kucuruka m'miseu ndi yomweyo inagwera kwambiri pa ofooka, kuyambira pa Mtaliyana uja wa 1911.

Mlandu umene maloyawo analembera unayamba ndi amuna awiri a m'boma la Rensselaer pafupi ndi Albany, amene anapatsidwa ziphaso za uzimba ndi kulasa koma anakanizidwa zoyenda ndi mfuti podziteteza. Anathandizidwa ndi New York State Rifle and Pistol Association, bungwe logwirizana ndi NRA. Oweruza ali m'kati molemba cigamulo, pa 14 May 2022 mnyamata wacizungu wa tsankho anapha anthu akuda 10 m'sitolo ya zakudya ku Buffalo, m'New York momwemo, ndipo pa 24 May ku Uvalde m'cigawo ca Texas anaphedwa ana a sukulu 19 ndi aphunzitsi awiri. Cigamulo cinatuluka pa 23 June. Oweruza 6 pa 9 anagwetsa mau aja a 1913. Clarence Thomas, woweruza wakuda wobadwira ku Georgia, polemba m'malo mwa ocurukawo, anati palibe ufulu wina umene munthu ayenera kuyamba wakhutiritsa wa Boma kuti ausowa asanaugwiritse nchito. Anaonjeza muyeso watsopano, wakuti lamulo liri lonse la mfuti liyenera kufanana ndi mwambo wa malamulo akale a dzikolo. Stephen Breyer, polemba m'malo mwa atatu otsutsa, anawerenga ciwerengero ca akufa, nacenjeza kuti oweruza si akatswiri a mbiri. Cenjezolo linaoneka msanga, pakuti mabwalo aang'ono anayamba kupereka zigamulo zosiyanasiyana, ndipo mu 2024 Bwalo Lalikulu linafewetsako muyesowo pobvomereza kuti munthu amene bwalo lamletsa kuyandikira mkazi amene amuopseza angathe kulandidwa mfuti.

Ciphaso ceniceni ca Sullivan sicinafe. Cinafa ndi cifukwa coyenera cokha. Aphungu anaitanidwa ku Albany mwamsanga, ndipo pa 1 July 2022 Bwanamkubwa Kathy Hochul anasaina lamulo latsopano, liyambe nchito pa 1 September, tsiku lomwelo limene loyamba lija linayambira zaka 111 zapitazo. Wopempha anayenera kuphunzira maola 16 m'kalasi ndi maola awiri pa bwalo lolasira, ndi kuchula anthu anai omcitira umboni wa khalidwe lace. Malo ambiri analetsedwa mfuti ngakhale kwa mwini ciphaso: sukulu, zipatala, sitima ndi mabasi, nyumba za mowa, ndi bwalo la Times Square, kumene anakhoma zikwangwani m'mbali mwa miseu. Eni mfuti anabwerera ku mabwalo, napambana pa ndime zina, monga yofuna kuti wopempha aonetse zimene amalemba pa intaneti, koma zambiri zinaima. Pa malo oletsedwawo panali ndi nyumba zopemphereramo, ndipo pakati pa oyamba kukasuma panali abusa awiri akuda a ku Buffalo ndi ku Niagara Falls, amene anati pambuyo pa maliro a m'sitolo muja sangathe kusiya nkhosa zao zopanda mlonda pa tsiku la Mulungu. Bwalo linawamvera, ndipo mu 2023 aphungu anasintha ndimeyo kuti amene mpingo wawapatsa nchito yolonda aloledwe kulowa ndi mfuti m'chalichi.